Ana a autism ku Chiuta: malamulo alipo, chatsala n'kuphunzitsa makolo

M'chaka cha 2024, maiko awiri omwe anagawana nyanja ya Chiuta anakhazikitsa malamulo atsopano oteteza anthu aulumali. Kuno ku Mozambique nyumba ya malamulo inavomereza lamulo nambala 10/2024, pamene ku Malawi lamulo latsopano linalowa m'malo mwa lija la 2012. Malamulo onse awiri akunena kuti mwana waulumali ali ndi ufulu wolandira chithandizo kuchipatala ndiponso wophunzira ngati mwana wina aliyense.

Koma m'midzi ya m'mbali mwa nyanjayi, m'boma la Mecanhelas, muli ana ena omwe ulumali wawo suoneka ndi maso. Miyendo ndi manja zili bwinobwino, thupi likukula, koma mwana wafika zaka 4 kapena 5 asanatchule mawu. Akaitanidwa dzina satembenuka ngakhale makutu akumva. Sasewera ndi anzake. Akakwiya amadziluma kapena kumenyetsa mutu pansi. Banja lotere likamva za lamulo latsopano, limafunsa kuti thandizolo lili kuti ndipo alibweretsa ndani.

Kafukufuku wa zaka zaposachedwapa akuonetsa kuti thandizo lomwe lingafike ku Chiuta silifunika kudikira dokotala wamkulu wochokera ku Maputo. Ndi thandizo lophunzitsa mayi, bambo, agogo ndi aliyense wolera mwanayo njira zomuthandizira pakhomo tsiku ndi tsiku. Njirazo zinalembedwa kale ndipo zayesedwa m'maiko osauka. Chomwe chikusowa ndi anthu ophunzitsidwa oti azifikitse kumudzi.

Autism n'chiyani

Achipatala amatcha vutoli autism, ndipo pa Chipwitikizi amati autismo. Ndi kusiyana kwa kakulidwe ka ubongo komwe mwana amabadwa nako, ndipo zizindikiro zake zimayamba kuoneka asanakwanitse zaka 3. Mmodzi mwa madokotala oyamba kulemba mwatsatanetsatane za ana otere anali Leo Kanner wa ku America, yemwe mu 1943 anafotokoza za ana 11 omwe anawaona kuchipatala chake.

Zizindikiro zikuluzikulu zili m'magulu awiri. Gulu loyamba ndi kuvutika kulumikizana ndi anthu. Mwana sayang'ana nkhope ya mayi ake kawirikawiri, saloza chinthu ndi chala kuti wina achione, sayankha akaitanidwa, ndipo amachedwa kulankhula kapena amangobwereza mawu omwe wamva. Gulu lachiwiri ndi kubwerezabwereza zinthu. Mwana amakupiza manja, amazungulira pamodzimodzi, amandandalika zitsekerero za mabotolo kwa nthawi yaitali, ndipo amalira kwambiri zinthu zikasintha pang'ono. Ena phokoso la chigayo kapena la njinga yamoto limawapweteka m'makutu. Ena amakana chakudya chilichonse kupatula mtundu umodzi.

Ana a autism sali chimodzimodzi. Ena amadzalankhula bwino n'kumakhoza m'kalasi, ena amafunika wowathandiza moyo wawo wonse. Anyamata ndi omwe amapezeka nalo vutoli kawirikawiri kuposa atsikana.

Komanso si mwana aliyense wochedwa kulankhula amene ali ndi autism. Kusamva, kubanika pobadwa, kunyentchera, khunyu ndi malungo aakulu ogwira ubongo, zonsezi zimachedwetsa kakulidwe ka mwana. Kafukufuku wochitikira pachipatala cha Queen Elizabeth mumzinda wa Blantyre, yemwe zotsatira zake zinatuluka mu 2010, anapeza kuti pafupifupi mwana mmodzi mwa ana atatu alionse opulumuka ku malungo a muubongo anatsala ndi khunyu kapena vuto lina la ubongo ndi khalidwe. Nkhani imeneyi ikukhudza kwambiri chigawo cha Niassa, komwe kafukufuku wa malungo wa 2018 anapeza tizilombo ta malungo mwa pafupifupi theka la ana aang'ono omwe anayezedwa. Madambo a Chiuta ndi Amaramba, omwe amapatsa anthu mpunga ndi nsomba, ndi omwenso amaswa udzudzu.

Ndi ana angati

Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linkanena m'mbuyomu kuti pafupifupi mwana mmodzi mwa ana 100 alionse ali ndi autism. Kalembera wa 2017 anapeza anthu pafupifupi 300,000 m'boma la Mecanhelas, ndipo m'dziko muno pafupifupi theka la anthu ndi ana osakwana zaka 15. Ngati chiwerengero cha WHO chili chimodzimodzi kuno, ndiye kuti m'boma lino lokha muli ana oposa 1,000 a autism. Powonjezera ana ochedwa kukula pa zifukwa zina zija, chiwerengerocho chikukwera kwambiri. Apa zikuonekeratu kuti nkhaniyi si ya mabanja awiri kapena atatu. Mudzi waukulu uliwonse uli ndi mwana wotere, ngakhale ambiri amabisidwa kuseri kwa nyumba alendo akabwera.

Zomwe sizimayambitsa autism

Pamene chipatala chilibe yankho, mudzi umapeza lake. Ena amati mwanayo analodzedwa. Ena amati bambo ake anamukhwimira kuti alemere pa bizinesi ya nsomba. Ena amaloza chala mayi, amvekere analakwira mwambo ali woyembekezera. Mabanja amagulitsa mbuzi ndi matumba a mpunga kuyenda kwa asing'anga mbali zonse ziwiri za malire, ndipo maukwati ena amathera pomwepo. M'dera lachikamwini ngati lino, bambo akachoka amasiya katundu yense pamutu pa mayi ndi abale ake.

Akatswiri apeza kuti mbali yaikulu ya autism imayendera m'magazi a makolo onse awiri, ndipo zinthu zina monga kubadwa masiku asanakwane zimawonjezera mpata wake. Kaleredwe ka mayi sikayambitsa autism.

Katemera nayenso sayambitsa autism. Mphekesera imeneyi inachokera ku nkhani yomwe dokotala wa ku Britain, Andrew Wakefield, anasindikiza mu 1998 yokhudza katemera wa chikuku. Nkhaniyo inapezeka kuti inali yachinyengo, magazini yomwe inaisindikiza inaichotsa mu 2010, ndipo iyeyo analandidwa chiphaso cha udokotala. Kafukufuku wochuluka wa ana mazana a zikwi sanapeze mgwirizano ulionse pakati pa katemera ndi autism.

Mphekesera ina ndi yatsopano. Mu September 2025 mtsogoleri wa dziko la America, Donald Trump, ananena kuti amayi oyembekezera apewe paracetamol, yemwe kuno ambiri amamudziwa kuti panado, ponena kuti angachititse autism. Patangopita masiku awiri, bungwe la WHO linatulutsa chikalata chonena kuti palibe umboni wokwanira wotsimikizira zimenezo. Kwa mayi woyembekezera wa ku Chiuta, chiopsezo chodziwika bwino ndi kutentha thupi ndi malungo osachizidwa. Mayi wotere apite kuchipatala ndi kumwa mankhwala monga momwe achipatala amuuzira.

Momwe thandizo lophunzitsa khalidwe limagwirira ntchito

Palibe jakisoni, piritsi kapena mtsitsi wochiza autism. Chomwe chimathandiza ndi kuphunzitsa mwana luso lomwe ana ena amalitola okha, ndipo maziko ake ndi osavuta kumva. Khalidwe lililonse la mwana lili ndi chifukwa. Wolera amaphunzira kuona zinthu zitatu: chomwe chinachitika mwana asanayambe khalidwelo, khalidwe lenilenilo, ndi chomwe mwana anapeza pambuyo pake.

Mwachitsanzo, mwana wosalankhula akamva ludzu amakuwa ndi kudzigwetsa pansi. Anthu amathamanga, wina amupatsa chimanga, wina amunyamula, mpaka wina amupatsa madzi ndipo atonthola. Mwanayo waphunzira kuti kukuwa n'kumene kumabweretsa madzi. Wolera wophunzitsidwa amasintha ndondomekoyi. Amaika kapu pamalo amodzi pomwe mwana angafike. Asanayambe kukuwa, amamugwira dzanja, kumutengetsa kapu, kutchula mawu amodzi okha akuti madzi, ndipo nthawi yomweyo amamupatsa madzi ndi kumuyamikira. Akabwereza zimenezi masiku ambiri, amachepetsa kumugwira dzanja pang'onopang'ono mpaka mwana ayamba kubweretsa kapu yekha. Kukuwa kumachepa chifukwa mwana wapeza njira yachidule yopemphera.

Ntchito zazikulu zimagawidwa m'tizigawo ting'onoting'ono. Kusamba m'manja asanadye nsima kuli ndi masitepe ake: kupinda malaya, kutambasula manja, kupaka sopo, kutsukuluza. Mwana amaphunzira sitepe imodzi, akaidziwa awonjezera ina. N'chimodzimodzinso kuvala, kupita kuchimbudzi ndi kudya yekha.

Masewero nawo ndi sukulu. Wolera amakhala pansi moyang'anizana ndi mwana, n'kutsatira chomwe mwanayo wakonda. Ngati akugogoda chitini, wolera atenga chitini china n'kugogoda nawo, kenako aima n'kudikira kuti mwana amuyang'ane kapena amukoke dzanja. Kuyang'ana kumeneko ndiko chiyambi cha kulankhulana. Zidole zogula sizifunika. Zisononkho, miyala, lichero ndi nyimbo zoimbira mwana n'zokwanira.

Ndondomeko ya tsiku imathandizanso. Mwana wa autism amakhazikika mtima akadziwa chotsatira: kudzuka, phala, kusamba, kusewera, nkhomaliro. Kumuonetsa chinthu, monga sopo nthawi yosamba isanakwane, kumamukonzekeretsa.

Kumenya sikuphunzitsa luso lililonse. Mwana womenyedwa chifukwa chokuwa sadziwabe momwe angapemphere madzi, amangowonjezera mantha. Ndiponso khalidwe likasintha mwadzidzidzi, choyamba n'kufufuza ululu, chifukwa mwana wosalankhula sangathe kunena kuti dzino, khutu kapena m'mimba mukupweteka.

Kuchoka pa maola 40 kufika pakhonde

Njira yotchuka kwambiri ya thandizoli m'maiko olemera imatchedwa ABA. Inamveka kwambiri mu 1987, pamene Ivar Lovaas wa pa yunivesite ya California ku Los Angeles analengeza zotsatira za ana 19 omwe ankaphunzitsidwa maola 40 pasabata kwa zaka ziwiri kapena kuposerapo. Iye anati 9 mwa anawo anatha kuphunzira m'kalasi wamba. Kafukufukuyo anadzudzulidwa pambuyo pake chifukwa cha kasankhidwe ka ana ndiponso chifukwa nthawi zina ankagwiritsa ntchito chilango. Akuluakulu ambiri omwe ali ndi autism lero amadandaula kuti njira zakalezo zinkawakakamiza kuoneka ngati anthu ena m'malo mowathandiza kukhala moyo wabwino. Dandaulo limenelo ndi lomveka. Mwana wokupiza manja sakulakwira munthu. Chofunika ndi chakuti athe kupempha, kudzisamalira ndi kupewa ngozi.

Kupatula apo, njira ya maola 40 imafuna katswiri mmodzi pa mwana mmodzi, ndipo ku America imadya madola zikwi makumi angapo pachaka. Palibe boma la m'chigawo chino cha Africa lomwe lingakwanitse zimenezo kwa ana onse.

N'chifukwa chake akatswiri anayamba kufufuza njira yodzera mwa makolo. Ku Britain, kafukufuku wotchedwa PACT anatsatira ana 152 omwe theka la makolo awo anaphunzitsidwa kumvetsa ndi kuyankha zizindikiro za ana awo. Zotsatira zomwe zinatuluka mu 2016 zinaonetsa kuti patatha zaka pafupifupi 6, ana a makolo ophunzitsidwawo anali ndi zizindikiro zocheperapo poyerekeza ndi anzawo. Njira yomweyo inasinthidwa n'kuyesedwa ku Goa m'dziko la India ndi ku Rawalpindi m'dziko la Pakistan pa ana 65. Kumeneko ophunzitsa makolo sanali madokotala, anali antchito wamba azaumoyo omwe anaphunzitsidwa ndi kuyang'aniridwa ndi akatswiri. Makolo anayamba kumvana bwino ndi ana awo, ndipo anawo anayamba kuyambitsa okha kulumikizana kawirikawiri.

Potengera umboni wotere, bungwe la WHO mothandizana ndi bungwe la Autism Speaks linakonza maphunziro a olera ana otchedwa CST, omwe linawatulutsa poyera mu 2022. Maphunzirowa ndi a mabanja omwe ali ndi ana a zaka 2 mpaka 9. Ali ndi misonkhano 9 ya pagulu ndi maulendo atatu omwe wophunzitsa amafika pakhomo kudzaona momwe wolera akuchitira ndi mwana. Wophunzitsa angakhale namwino, mlangizi wa zaumoyo wa m'mudzi, mphunzitsi ngakhalenso kholo lina lomwe linaphunzira kale. Mu Africa muno ayesedwa ku Ethiopia ndi ku Kenya, m'matauni ndi m'midzi momwe.

Mfundo imodzi ya maphunzirowa ndi yofunika kwambiri kwa anthu a ku Chiuta: mwana safunika kukhala ndi chikalata cha dokotala chotsimikiza kuti ali ndi autism. Mwana aliyense wochedwa kulankhula kapena kulumikizana ndi anthu angalowe nawo. Banja silifunika kuyamba lapeza ndalama ya ulendo wa ku Lichinga kapena ku Nampula, mizinda yomwe uliwonse uli pa mtunda wa makilomita pafupifupi 300 kapena kuposerapo kuchokera ku Cuamba.

Alimi a kuno akuidziwa kale njira yotere. Mlangizi wa fodya kapena wa thonje salima munda wa munthu. Amafika, aonetsa kabzalidwe, abweranso kudzaona mmera, akonza pomwe palakwika. Wolima ndi mwini munda. Ndi momwemonso ndi mwana: wophunzitsa amabwera ola limodzi, koma mayi ndi agogo ali naye kuyambira m'mawa mpaka usiku.

Ndani angagwire ntchitoyi ku Mecanhelas

Madokotala a matenda a maganizo m'dziko muno ndi ochepa kwambiri ndipo ambiri ali m'mizinda ikuluikulu. Pozindikira zimenezi, unduna wa zaumoyo unayamba m'zaka za m'ma 1990 kuphunzitsa antchito apakati otchedwa técnicos de psiquiatria, ndipo pofika mu 2014 anali atatumizidwa pafupifupi m'maboma onse. Ntchito yawo yambiri imathera pa odwala khunyu ndi akuluakulu odwala misala. Atapatsidwa maphunziro a CST, iwowa ndi omwe angakhale oyang'anira ntchitoyi paboma ku Insaca.

Pansi pawo pali alangizi a zaumoyo a m'midzi omwe anthu amawadziwa kuti ma APE. Ndondomeko yawo inayamba mu 1978 ndipo inatsitsimutsidwa mu 2010. Amayeza malungo, amapereka mankhwala a kutsegula m'mimba ndi chibayo, ndipo amadziwa khomo lililonse m'dera lawo. Palinso anamwino a kusikelo, omwe amaona mwana mwezi ndi mwezi m'zaka zake zoyambirira. Sikelo ikamayeza thupi lokha, mwana wa autism amadutsa osaonedwa, chifukwa kulemera kwake kumakhala kwabwino. Mafunso ochepa angasinthe zimenezo. Kodi mwana wa chaka chimodzi amatembenuka akaitanidwa? Kodi wa chaka ndi theka amaloza ndi chala ndi kutchula mawu angapo? Kodi wa zaka ziwiri amalumikiza mawu awiri? Kodi pali luso lomwe anali nalo koma lasowa? M'mera mpoyamba, ndipo ubongo wa mwana umaphunzira msanga m'zaka zoyambirirazi, ngakhale kuti mwana wamkulu naye amapindula akayamba kuthandizidwa.

Chida choyezera kakulidwe ka ana chogwirizana ndi moyo wa kumudzi chilipo kale tsidya linalo. Ku Malawi akatswiri anakonza chida chotchedwa MDAT, chomwe chinasindikizidwa mu 2010 atachiyesa pa ana oposa 1,400. Chili ndi zoyesa 136 zokhudza kayendedwe, kagwiritsidwe ntchito ka manja, kulankhula ndi kukhala ndi anthu. Ana omwe anachiyesera amakula m'moyo wofanana ndi wa ana a ku Mecanhelas.

Pa nkhani ya sukulu, boma la Mozambique lili ndi ndondomeko ya maphunziro ophatikiza ana aulumali ya zaka za 2020 mpaka 2029. Malo othandizira maphunziro otere omwe amatumikira zigawo za kumpoto ali ku Anchilo, pafupi ndi mzinda wa Nampula. Kwa mwana wa ku Chiuta kumeneko n'kutali. Chomwe chingamuthandize ndi mphunzitsi wa pasukulu ya m'mudzi mwake yemwe akudziwa kumukhazika kutsogolo, kumulankhula mawu ochepa omveka ndi kuletsa anzake kumuseka.

Chingwe ndi madzi

Pali chifukwa china chomwe nkhaniyi siyenera kuchedwera m'dera la m'mbali mwa nyanja. Kafukufuku wa ku America wa 2012 anapeza kuti pafupifupi theka la ana a autism amayesa kuchoka pakhomo osadziwika komwe alowera, ndipo kumira m'madzi ndi imodzi mwa ngozi zomwe zimapha ana otere kawirikawiri. Ambiri amakopeka ndi madzi koma sazindikira kuopsa kwake. Ku Chiuta kuli nyanja, madambo odzaza nthawi ya dzinja, zitsime zosavindikira ndiponso njanji yodutsa pa Entre-Lagos.

Mayi yemwe ayenera kukapalira kapena kukaweta mbalame kumpunga amasowa chochita, ndipo ena amafika pomanga mwana ndi chingwe pamtengo kapena kumutsekera m'nyumba. Bungwe la Human Rights Watch, mu lipoti lake la 2020, linapeza mchitidwe womanga anthu ovutika maganizo, kuphatikizapo ana, m'maiko 60, ndipo Mozambique inali limodzi mwa maiko omwe linachitamo kafukufuku. Kumanga mwana n'kuphwanya ufulu wake, ndipo kumawonjezera mantha ndi ukali. Koma kungodzudzula mayi popanda kumupatsa njira ina sikumasula chingwecho. Njira zina zilipo: mpanda wa bango wokhala ndi chitseko, kuvindikira zitsime, kusinthana ndi mabanja ena poyang'anira ana, kudziwitsa asodzi ndi anansi kuti akamuona mwanayo yekha amubweze, ndi kumuphunzitsa mwanayo pang'onopang'ono kuima akamva dzina lake. Zonsezi ndi zina mwa zomwe gulu la makolo ophunzira limodzi lingakonze.

Zomwe zingalepheretse

Kuphunzitsa makolo kuli ndi mavuto ake. Loyamba ndi lakuti kungathe kusanduka katundu wina pamutu pa mayi yemwe watopa kale. M'midzi yambiri mwana amakhala nthawi yaitali ndi agogo ake kapena kumsana kwa mchemwali wake, ndipo mawu omaliza pa za mwana amakhala ndi malume, mwini mbumba. Maphunziro oitana mayi yekha angalephere pakhomo, chifukwa zomwe waphunzira ena akazitsutsa. Bambo, agogo ndi malume ayenera kukhala nawo, makamaka pa maulendo atatu a pakhomo aja.

Lachiwiri ndi nyengo. Kuyambira December mpaka April anthu ali kumunda ndipo misewu yambiri ya m'boma lino imadzaza matope. Misonkhano 9 ingatheke bwino anthu atakolola, pakati pa June ndi October.

Lachitatu ndi chilankhulo. Mabuku a maphunzirowa ayenera kumasuliridwa m'Chinyanja, Chiyao ndi Chimakhuwa, ndipo akhale ndi zithunzi zambiri, popeza olera ambiri sanapite patali ndi sukulu.

Lachinayi ndi ndalama. Chiyambire 2025, pamene dziko la America linadula thandizo lake lambiri n'kutseka bungwe la USAID, ntchito zaumoyo ku Mozambique ndi ku Malawi zapanikizika. Ntchito yodalira bungwe lakunja imatha tsiku lomwe galimoto ya bungwelo yachoka. Ubwino wa njira ya makolo ndi wakuti sifuna nyumba yatsopano kapena makina, koma imafunabe ndalama yophunzitsira, yoyendera ndi yolipira alangizi. Ndalama imeneyo iyenera kuoneka m'bajeti ya boma ndi ya chigawo.

Ndiponso kuphunzitsa makolo sikuchotsa udindo wa chipatala. Mwana wogwa khunyu ayenera kupeza mankhwala ake mwezi uliwonse osadukiza. Mwana wosayankha akaitanidwa ayenera kuyezedwa makutu. Mwana wodzivulaza kwambiri ayenera kutumizidwa ku Cuamba kapena ku Lichinga.

Asing'anga, mashehe ndi abusa nawo sangasiyidwe kunja, chifukwa mabanja ambiri amayambira kwa iwo. Unduna wa zaumoyo umagwira kale ntchito ndi bungwe la asing'anga la AMETRAMO potumiza odwala ena kuchipatala. Mgwirizano womwewo ungagwire ntchito pa ana ochedwa kulankhula.

Malire asakhale mpanda

Anthu a mbali ziwiri za Chiuta ndi amodzi. Amakwatirana, amagulitsana nsomba ndi mpunga pa Nayuchi ndi pa Entre-Lagos, ndipo odwala amawoloka kupita komwe kuli pafupi. Ku Malawi kuli koleji ya Montfort ku Nguludi yomwe imaphunzitsa aphunzitsi a ana ofunika chithandizo chapadera, kuli bungwe la makolo a ana aulumali la PODCAM, ndiponso kuli sukulu zamkombaphala zambiri za m'midzi. Kuno kuli bungwe la FAMOD lomwe limasonkhanitsa mabungwe a anthu aulumali. Buku lomasuliridwa bwino m'Chinyanja mbali imodzi lingagwire ntchito mbali inayo. Akuluakulu a zaumoyo a Mecanhelas ndi a Machinga angathe kugawana zida ndi luso limeneli m'malo moti aliyense ayambe payekha.

Pa 2 April chaka chilichonse dziko lonse limakumbukira tsiku la autism, lomwe bungwe la United Nations linakhazikitsa mu 2007. Mu 2014 maiko onse a m'bungwe la WHO anagwirizana kuti alimbikitse chithandizo cha ana otere, ndipo Mozambique inavomereza pangano la maiko la ufulu wa anthu aulumali mu 2012. Malonjezo ndiye achuluka. Anthu a ku Chiuta angayeze malonjezowo ndi mafunso atatu omwe angafunse kumisonkhano ya komiti ya zaumoyo ndi kwa akuluakulu a boma. Kodi kusikelo ayamba kufunsa za kulankhula ndi kusewera kwa mwana? Kodi ndi ma APE angati omwe aphunzitsidwa kuthandiza mabanja a ana ochedwa kukula? Kodi gulu loyamba la makolo likumana liti, ndipo kuti?

Podikira mayankhowo, banja lomwe likuona zizindikiro zija lipite ndi mwana kuchipatala chapafupi, litenge khadi lake la kusikelo, lifotokoze zomwe likuona, ndipo lipemphe kuti mwanayo aonedwe ndi wachipatala woona za maganizo paboma.